Momwe mungakonzere bajeti ya maphunziro a chitetezo pa ntchito nyengo ya tiyi isanayambe

Olemba ntchito ambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo amakumbukira maphunziro a chitetezo madzi atafika kale m'khosi: wina wapanidwa dzanja pa lamba wa makina, kapena zamveka kuti oyendera a mabungwe opereka satifiketi yotsimikiza kuti tiyi walimidwa motsata miyezo akubwera sabata yamawa. Pamenepo bajeti ya chaka inavomerezedwa kalekale, mvula yagwa, tiyi waphukira, ndipo palibe kapitawo amene angalole anthu ake kuchoka m'munda kuti akakhale pansi m'shedi. Mapeto ake kalaliki amangoyendetsa pepala, anthu n'kudinda chala, basi kwalembedwa kuti aphunzira.

Malangizowa ndi a manijala, oyang'anira antchito ndi osunga ndalama pa esiteti ya tiyi kapena makadamiya. Mwini chigayo ku Luchenza, wocheka matabwa kapena womanga nyumba angatsatire njira yomweyi, kungoti mapepala ake akhala ochepa.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Kope la lamulo la chitetezo ndi thanzi pa ntchito, la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Funsani ku ofesi ya zantchito paboma kuti akuuzeni ngati pali zomwe zasinthidwa.
- Kaundula wa malipiro wa mwezi umene munali ndi anthu ochuluka kwambiri chaka chatha.
- Buku la ngozi, ngakhale litakhala losokonekera, pamodzi ndi buku la kukiliniki ngati muli nayo.
- Mndandanda wa mankhwala onse amene ali m'sitolo, ndi zolembedwa pa zigubu zake.
- Mndandanda wa makina: boyila, makina odula tiyi, owumitsira, mathirakitala, macheka, jenereta.
- Makoteshoni a ophunzitsa ndi a ogulitsa zovala zodzitetezera, atatu pa chinthu chilichonse.
- Kapitawo mmodzi kapena awiri, ndi woimira antchito.

1. Dziwani chimene lamulo likufuna kwa inu

Gawo 13 la lamulo la 1997 limaika pa mapewa a wolemba ntchito udindo woteteza moyo ndi thanzi la antchito ake onse. Mkati mwa udindowo muli kuwadziwitsa zoopsa za ntchito yawo, kuwalangiza, kuwaphunzitsa ndi kuwayang'anira. Lamulo lomwelo limafuna kuti maphunziro aperekedwe m'chiyankhulo chimene wantchito akumva, kuti zovala zodzitetezera azilandira osalipira, kuti pakhale bokosi la chithandizo choyamba ndi munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito, ndiponso kuti malo okhala ndi antchito opitirira 50 akhale ndi komiti ya chitetezo. Ngozi yopha munthu kapena yomulepheretsa kugwira ntchito yake iyenera kunenedwa mwa kalata ku dipatimenti yoona za chitetezo pa ntchito mu Unduna wa Zantchito, osazengereza.

Pali malamulo ena amene amakhudza thumba lanu. Workers' Compensation Act ya 2000 imati wovulala pa ntchito alandire chipukuta misozi kuchokera kwa womulemba. Employment Act ya 2000 imaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Pesticides Act ndiyo imayang'anira mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, ndipo a Pesticides Control Board ali pafupi pompa, ku Bvumbwe. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito. Kuwonjezera apo, mu 2019 Malawi inavomereza mapangano a ILO, bungwe la zantchito la dziko lonse lapansi, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo la 184 ndi la chitetezo pa ntchito zaulimi.

Chenjezo: satifiketi ya mabungwe akunja oyendera alimi, monga Rainforest Alliance kapena Fairtrade, siilowa m'malo mwa lamulo. Ili ndi zofuna zakezake, zina zoposa za boma, ndipo nazo zilowe mu bajeti yomweyi.

2. Werengani anthu onse, osati amwezi okha

Apa ndi pamene bajeti zambiri zimathyokera. Osunga ndalama amatenga kaundula wa Julaye, nthawi imene kumunda kuli zii, n'kuwerengera maphunziro pa anthu amenewo. Koma othyola tiyi amachuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyengo chabe. Iwowa ndiwo sadziwa kumene kuli bokosi la chithandizo choyamba, ndiwo amakwera pa ngolo ya thirakitala ikuyenda, ndiwonso amalowa m'munda umene wapoperedwa m'mawa womwewo.

Tengani mwezi wa chiwerengero chachikulu. Gawani anthu molingana ndi ntchito yeniyeni imene amagwira, osati dzina lolembedwa pa kalata yawo. Munthu wolembedwa kuti ndi wakumunda akhoza kukhala kuti theka la chaka amanyamula sipuleya kumsana. Musaiwale alonda, ophika, odula nkhuni za boyila, madalaivala ndi aganyu obwera ndi kontilakita. Za aganyuwa gwirizanani ndi kontilakitayo pa pepala kuti awaphunzitsa ndani, ndalama yake ichokera kwa yani. Mukasiya pakamwa pokha, tsiku la ngozi aliyense aloza mnzake.

3. Yendani pamalo ponse mukulemba zoopsa

Musakhale mu ofesi n'kumalota zoopsa. Tengani kapitawo ndi woimira antchito, muyende kuyambira kumunda mpaka kosungira tiyi wouma, nthawi imene ntchito ili mkati. Pa malo alionse lembani zinthu zinayi: choopsa n'chiyani, chingavulaze ndani, pakadali pano mwachitapo chiyani, ndipo munthu ayenera kudziwa chiyani kuti asavulale.

Kufakitale yang'anani malamba ndi matcheni opanda chotchinga, malo otentha a boyila ndi owumitsira, fumbi la kosefera tiyi, mawaya ongolumikiza ndi pulasitiki, ndi makomo othawira amene atsekedwa ndi matumba. Phokoso liyeseni motere: imani motalikirana ndi mnzanu ngati kutalika kwa mkono. Ngati simukumvana mpaka mutakuwa, pamenepo pakufunika zotseka m'makutu. Kumunda kuli mipeni yodulira tiyi, njoka, mphenzi, malo otsetsereka oterera nthawi ya chiperoni, madengu olemera ndi mitsinje yodzaza mwadzidzidzi. Aliyense amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti m'mphepete mwa phiri funso loti anthu athawire kuti si lamasewera.

Kenako fanizirani ndi buku la ngozi. Ngati mabala ambiri chaka chatha anali a mpeni wodulira tiyi, ndalama ipite kumeneko kaye.

Chenjezo: si vuto lililonse limene mankhwala ake ndi maphunziro. Lamba wopanda chotchinga akufunika chotchinga. Mungaphunzitse anthu sabata yathunthu, koma tsiku lina chitenje kapena mkono wa malaya udzakodwabe. Zoterezi zilembeni padera, zipite ku bajeti yokonzera makina.

4. Gawani maphunziro m'magulu

A aliyense, pa tsiku loyamba la ntchito: theka la tsiku likwana. Muli zoopsa za pamalopo, zizindikiro za munda wopoperedwa, chochita kukabuka moto kapena kukayamba ziphaliwali, kumene anganene ngozi, ndi kumene mayi angakadandaule ngati kapitawo akumufuna chibwenzi posinthana ndi ntchito. Nkhani yomalizayi musaipereke kwa kapitawo yemweyo kuti aphunzitse.

A opopera mankhwala, osakaniza ndi wosunga sitolo: masiku awiri, kubwereza chaka chilichonse. Awa musawaumire. Aphunzire kuwerenga mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa chizindikiro cha pachigubu, kuyambira wofiira umene ndi woopsa kwambiri, wachikasu, wabuluu mpaka wobiriwira. Aphunzire kuyeza mlingo ndi kapu yake osati chivindikiro, kuyesa sipuleya ndi madzi okha kuti aone ngati ikudontha kumsana, kusapopera moyang'anana ndi mphepo, kutsuka chigubu katatu n'kuthira madziwo mu sipuleya, kenako kuchiboola kuti wina asakatungire madzi kunyumba. Nozo, yomwe ndi nsonga yotulukira mankhwala pa sipuleya, ikatsekeka, asaiuzire ndi pakamwa. Ovololo achapire kuntchito komweko, asapite nayo kunyumba kumene ikachapidwe m'beseni limodzi ndi zovala za ana. Mankhwala akagwera m'maso, atsuke ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Wina akamwa kapena akayamba chizungulire, nseru ndi malovu ambiri, athamangire naye kuchipatala atatenga chizindikiro cha pachigubucho. Zoti mkaka umapha mphamvu ya poizoni ndi bodza limene lafala kwambiri, ndipo wophunzitsa alitchule poyera.

A oyendetsa ndi okonza makina: tsiku limodzi, pa makina awo enieniwo. Mtima wa phunziroli ndi umodzi. Musanalowetse dzanja, zimitsani pa swichi yaikulu, ikanipo loko, kiyi akhale m'thumba la amene akukonzayo. Chikwangwani chokha sichikwana, chifukwa wa shifiti ina amabwera n'kuyatsa. Oyang'anira boyila ndi madalaivala a thirakitala amafunika mapepala awoawo, choncho onani ngati ali nawo ndiponso ngati sanathe nthawi.

A chithandizo choyamba ndi ozimitsa moto: awa aphunzitsidwe ndi anthu akunja opereka satifiketi, monga a Malawi Red Cross Society kapena St John Ambulance pa chithandizo choyamba. Sankhani anthu moti shifiti iliyonse ndi dera lililonse la munda likhale ndi wake. Munthu wophunzira bwino amene amakhala ku ofesi sathandiza wolumidwa ndi njoka kumunda wa kutali makilomita atatu.

A akapitawo ndi a komiti ya chitetezo: masiku awiri. Ndalama ikachepa moti muyenera kusankha, yambani ndi akapitawo. Iwo ndiwo ali ndi anthu tsiku lonse, ndipo chimene kapitawo wanyalanyaza, gulu lonse limachinyalanyaza.

5. Sandutsani magulu kukhala masiku, masiku kukhala ndalama

Musayambe ndi funso loti tili ndi ndalama zingati. Yambani ndi masiku. Tiyerekeze esiteti yokhala ndi antchito amwezi 60 ndi anyengo 140, onse pamodzi 200.

- Onse 200, theka la tsiku aliyense: masiku 100. M'magulu a anthu 25, ndiye kuti wophunzitsa aima maulendo 8.
- Opopera 12, wosakaniza ndi wa sitolo, onse 14, masiku awiri: masiku 28.
- A chithandizo choyamba 8, masiku atatu: masiku 24.
- Ozimitsa moto 6, tsiku limodzi: masiku 6.
- A makina 10, tsiku limodzi: masiku 10.
- Akapitawo 8, masiku awiri: masiku 16.
- Komiti ya anthu 8, misonkhano inayi ya theka la tsiku: masiku 16.
- Olowa mochedwa pakati pa nyengo, tinene 20, theka la tsiku: masiku 10.

Zonse pamodzi ndi masiku 210. Chulukitsani masiku a gulu lililonse ndi malipiro a patsiku a gululo, mupeza mzere woyamba wa bajeti: malipiro a nthawi ya maphunziro. Mzere umenewu ndi umene umasiyidwa kawirikawiri, chonsecho ndi umene umagamula ngati anthu abwera kapena ayi. Wothyola tiyi amadziwa kuti ndalama yake ili pa sikelo. Mukamuitana m'mawa, nthawi imene akanadzaza dengu, osamuuza kuti tsikulo lalembedwa lathunthu, adzakhala pansi mtima uli kumunda, kapena adzadinda chala n'kuzemba. Lengezani poyera, maphunziro asanafike, kuti maola amenewa ndi a ntchito ndipo alipiridwa.

Mizere ina ndi iyi. Malipiro a ophunzitsa akunja: funsani ngati mtengo uli pa munthu kapena pa gulu, ngati mayendedwe, malo ogona, satifiketi ndi msonkho wa VAT zili momwemo. Kuitana wophunzitsa kuchokera ku Blantyre kuti abwere pa esiteti nthawi zambiri kumatsika mtengo kusiyana n'kutumiza anthu 8 kutauni ndi maalawansi awo, ndipo amaphunzitsira pa zida zanu zomwe. Ngati ndinu ochepa, gwirizanani ndi oyandikana nawo kapena gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuti mudzaze kalasi imodzi. Chakudya ndi madzi a tsikulo. Zipangizo zophunzitsira: zithunzi, zikwangwani za m'Chichewa, mabandeji oyeserera, ndi kudzazitsanso zozimitsira moto zimene muphulitse poyeserera. Ambiri amaiwala zimenezi, zozimitsirazo n'kubwerera pakhoma zili zopanda kanthu. Kuyeza magazi kwa opopera, ngati mumagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo a gulu lotchedwa organophosphate kapena carbamate.

Zovala zodzitetezera zikhale ndi mzere wakewake, koma muuwerengere nthawi imodzi ndi maphunziro. Kuphunzitsa munthu kuvala masiki amene simunagule n'kutaya tsiku. Wopopera aliyense akufunika maovololo awiri kuti ina ikamachapidwa avale inayo, majombo, magolovesi a mphira olimba ku mankhwala osati ansalu, magalasi oteteza maso, ndi masiki okhala ndi sefa yosinthika. Werengerani masefa osinthira, chifukwa masiki amakhala koma sefa imatha. Lembani masayizi musanaode. Majombo akakhala aakulu kwa amayi, amakathera pamsika wa Limbuli kapena Chitakale, mwini wake n'kubwerera ku masilipasi.

Pamapeto onjezani zapadera zosachepera 10 pa 100 zilizonse. Zambiri mwa zovalazi zimachokera kunja, ndipo amene anali ndi makoteshoni akale pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anapeza kuti mapepalawo alibenso ntchito. Funsani wogulitsa kuti mtengo wake ugwira masiku angati.

Za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja: olemba ntchito amapereka levi ya 1 peresenti ya malipiro a antchito kudzera ku MRA. Kupereka leviyo sikukuchotserani udindo wophunzitsa anthu anu za chitetezo. Koma ngati mumapereka mokhulupirika, pitani mukafunse ku TEVETA za thandizo limene amapereka pa maphunziro a antchito a m'makampani. Funsani maphunziro asanachitike, osati mutalipira kale.

6. Ikani pa kalendala yogwirizana ndi tiyi

Juni mpaka Ogasiti, pamene masamba achepa ndipo makina akukonzedwa: a makina, ozimitsa moto, chithandizo choyamba, ndi odulira tiyi asanagwire mpeni. Seputembala ndi Okutobala: akapitawo ndi opopera, udzu usanamere. Zovala ziodedwe nthawi yomweyi kuti zifike mvula isanagwe. Tsiku lolemba anyengo: maphunziro a onse, dengu lisanaperekedwe. Nyengo ikayamba, mphindi khumi sabata iliyonse pamalo oitanira maina, mutu umodzi basi.

Onani kuti chaka chanu cha ndalama chimayamba liti. Ngati bajeti imavomerezedwa nyengo ili mkati, ndalama ya maphunziro a Okutobala iyenera kukhala italowa kale mu bajeti yam'mbuyo.

7. Tsiku la maphunziro

Phunzitsani m'Chichewa, ndipo ngati pali achikulire omasuka m'Chilomwe, pezani wowamasulira. Ambiri sawerenga bwino, choncho mapepala odzaza ndi mawu sapindula. Bweretsani chinthu chenichenicho: sipuleya, chigubu chopanda kanthu, loko, chozimitsira moto. Onetsani kamodzi, kenako aliyense achite yekha inu mukuona. Wopopera avale zonse, asakanize madzi oyerekeza mankhwala, avule moyenera, atatsuka magolovesi asanawavule. Amene walephera abwereze pomwepo.

Siyani nthawi ya mafunso, ndipo manijala atuluke kaye. Pamaso pa abwana anthu amangoti zamveka. Akatuluka m'pamene wina amanena kuti masiki amawabanikitsa dzuwa likakwera, n'chifukwa chake amawapachika pakhosi. Yankho lake si kukalipa koma kusuntha nthawi yopopera kuti iziyamba m'mamawa kukadali kozizira.

8. Sungani umboni

Pa phunziro lililonse sungani tsiku, mutu, maola, dzina la wophunzitsa, maina ndi manambala a antchito, siginecha kapena chidindo cha chala, ndi chizindikiro chosonyeza kuti munthuyo anayesedwa n'kukhoza. Onjezani makope a masatifiketi, malisiti, kaundula wa zovala zimene munthu aliyense analandira, ndi zokambirana za komiti. Pakhale pepala limodzi losonyeza tsiku limene satifiketi ya aliyense ikutha. Oyendera a boma, oyendera a satifiketi, ngakhale a ofesi ya chipukuta misozi pakachitika ngozi, onse amayamba ndi mapepala amenewa.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kudula pa malipiro mtengo wa majombo kapena ovololo. Zovala zodzitetezera n'zaulere kwa wantchito. Ngati zikusowa, konzani kaundula woti munthu azibweza chakutha kuti alandire chatsopano.

Kutumiza akuluakulu a mu ofesi kumaphunziro a kunyanja, bajeti yonse n'kuthera pa anthu atatu, opopera osaonako kalasi.

Kusamutsa munthu osamuphunzitsanso. Wothyola tiyi amene lero wauzidwa kuti akathandize kufakitale chifukwa masamba achuluka ndi mlendo pa makinawo, ngakhale atakhala pa esiteti zaka khumi. Chimodzimodzi mukagula makina atsopano kapena mukasintha mankhwala.

Kuiwala shifiti ya usiku. Nthawi ya masamba ambiri fakitale imagwira usiku wonse, anthu atatopa, koma ophunzira chithandizo choyamba onse ali a masana ndipo kiyi wa bokosi wapita kunyumba ndi kalaliki.

Kulanga onena ngozi. Mukadzudzula kapitawo chifukwa gulu lake lalemba mabala ambiri, mwezi wotsatira buku lidzakhala loyera, mabala akumangidwa ndi sanza kumunda, ndipo bajeti ya chaka chamawa mudzaikonza pa manambala abodza.

Kusiya zikhulupiriro zakale osazikhudza. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe, asayamwidwe bala, ndipo mwendo usamangidwe ndi lamba kapena mphira. Agonekedwe, mwendowo usagwedezeke, anyamulidwe kupita kuchipatala. Wopsa ndi nthunzi kapena chitsulo cha boyila athiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Ziphaliwali zikayamba, anthu asathawire pansi pa mtengo wautali wa pakati pa munda. Kapitawo akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kudikira uthenga wa ku ofesi, ndipo maola otayikawo muwawerengere mu ndalama yapadera ija kuti asaope kuimitsa.